Ukawauze Amayi Ako

M’tauni ya Svendborg munalibe wokwera njinga amene sankamudziwa Torben Skov. Kashopu kake kanali kumunsi kwa msewu wotsikira kudoko, ndipo ukangokankha chitseko unkalandiridwa ndi fungo la girizi, la matayala atsopano ndi la khofi wopserera. Anali munthu wa manja. Njinga imene ena aitaya kuti yatha, kwa iye inkatuluka ikuimba. Koma pakamwa pake panali polemera ngati chitseko cha tchalitchi. Mkazi wake Gitte, amene ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, adapirira chete ameneyo zaka khumi, mpaka adakumana ndi mwamuna wina wodziwa kufunsa kuti “mwaswera bwanji?” n’kudikira yankho. Ukwati udatha m’nyengo yachisanu, chaka chimene mwana wawo mmodzi yekhayo, Signe, adakwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri.

Maloya adagamula kuti mwana azikhala sabata imodzi kwa bambo, inayo kwa mayi, kusinthana Lolemba. Nyumba ziwirizo sizinatalikirane, unali ulendo wa mphindi khumi pa njinga.

Lolemba lina madzulo, mvula ikuwaza, Gitte adalowa m’shopumo atanyamula jombo zamvula zimene mwana adaiwala kwake. Signe anali pakatebulo ka pakona akujambula akavalo. Torben anali atawerama pa wilo la njinga akumanga masipoko, ndipo mnzake Preben, mkulu wina wopuma pantchito ya m’sitima amene ankabwera tsiku lililonse kudzamwa khofi waulere, anali pampando wake wa masiku onse.

“Torben,” adatero Gitte, “ndabweretsa jombo. Komanso ndimati tikambirane za kusukulu.”

Torben sadatembenuke. Adazungulitsa wilo lija, nalipenyetsetsa ngati muli nkhani.

“Signe, auze amayi ako asiye jombozo pakhomo.”

“Ndili pompano, Torben. Makutu ndili nawo.”

“Uwauzenso kuti ndatanganidwa.”

Mwana adayang’ana msana wa bambo ake, nayang’ana nkhope ya mayi ake, pensulo ili m’manja. Kenaka adati motsitsa mawu, “Amayi, akuti musiye pakhomo. Akuti… akuti zikomo.”

Gitte adasiya jombozo, nampsompsona mwana pamphumi, n’kutuluka.

“Aise,” adatero Preben chitseko chitatsekeka, “wakhala bwana wamkulu liti iwe, woti uzilankhula kudzera mwa womasulira? Nonsenu chinenero ndi chimodzi.”

“Mkazi ameneyo anatseka chitseko changa ndi dzanja lake. Ine pakamwa ndatseka ndi langa. Mpaka kumanda.”

“Kumandako n’kwako. Koma kamwanaka ukukasandutsa positi ofesi.”

“Imwa khofi, mdala, usanayambe kumulipira.”

Preben adaseka, koma Torben sankanena nthabwala pa za lumbiro lija. Gitte adayesa kuimba foni, sinayankhidwe. Adayesa makalata, ankabwerera m’chikwama cha mwana osatsegulidwa. Potsiriza naye adatopa, nayamba kubweza ndi muyezo womwewo.

“Ukawauze amayi ako kuti jekete anakugulirayi ndi ya chidole, si ya munthu.”

“Ukawauze abambo ako kuti mwana sakula ndi soseji ndi mbatatesi zokha.”

Signe ankanyamula mawuwo pamodzi ndi chikwama chake, ndipo popalasa njinga kukwera kachitunda ka pakati pa nyumba ziwirizo ankawasadza minga mmodzimmodzi. Pofika uko anali atasalala. “Ababa akuti jekete ndi yokongola, kungoti yapepuka.” “Amayi akufunsa ngati mumadya bwino.” Adaphunziranso kuti chimwemwe cha nyumba ina sichilowa m’nyumba inzake. Akapita ndi mayi ake kukasambira kunyanja, Lolemba bambo ake akafunsa ankati, “Sitinapite kulikonse.” Bambo ake akamuphunzitsa kuyendetsa kabwato, kwa mayi ake ankati sabata yonse kunali mvula. Aphunzitsi ankamutama kuti ndi mwana wofatsa, wosavuta, wanzeru za munthu wamkulu. Chokhacho chinali m’mimba, mmene munkapota Lamlungu lililonse masana. Adokotala adamuyeza kawiri osapeza kanthu.

Chimene mwanayo ankachilakalaka sichinali chachikulu. Ankakumbukira mmawa wa Lamlungu kale, atatu onse ali pabedi limodzi akudya mabanzi otentha, mayi ake akudandaula za nyenyeswa pansalu, bambo ake akunamizira kuliza mkonono. Ankabwereza chithunzi chimenecho m’mutu mpaka sankadziwanso ngati zidachitika kambiri kapena kamodzi kokha.

Mwamuna wa Gitte uja sadakhalitse. Patatha zaka ziwiri adalongedza katundu wake napita ku Odense. Signe, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, adaona ngati kumwamba kwatseguka. Lolemba limenelo adatsika chitunda chija osagwira buleki, nalowa m’shopu ali wefuwefu.

“Ababa! Uja wapita! Amayi ali okha tsopano!”

Torben adapukuta manja pang’onopang’ono. Preben adasiya kapu m’mwamba, akudikira naye.

“Ukawauze kuti munthu amakolola zimene wafesa.”

Uthenga umenewo Signe adausowera posadza, unali minga yokhayokha. Sadaupereke. Adangoumeza yekha.

Ali ndi zaka khumi ndi chimodzi adayamba kusewera mpira wamanja, ndipo anali ndi dzanja. Makolo onse ankabwera kudzaonera, bambo kumapeto kuno kwa holo, mayi kumapeto uko. Tsiku lina adagoletsa chigoli chopambanitsa timu, holo yonse ili m’mwamba, anzake akuthamangira kumene kunali makolo awo. Iye adaima pakati pa bwalo, maso ali pansi, akumanga chingwe cha nsapato chimene sichinamasuke. Sabata yotsatira adauza mphunzitsi wa masewero kuti bondo likumupweteka, ndipo sadabwererenso.

Kamodzi kokha adapempha poyera. Kunali kuyandikira tsiku lake lolowa mu mpingo, ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Adadikira bambo ake atakhuta, nakhala moyang’anana nawo.

“Ababa, mphatso musandigulire. Ndikufuna chinthu chimodzi basi.”

“Nena, mwana wanga.”

“Phwando likhale limodzi. Tebulo limodzi. Simukuyenera kuyankhulana ayi. Inu uku, amayi uko, ine pakati. Maola atatu okha.”

Torben ankamukonda mwanayo, zimenezo palibe akanatsutsa. Sankagona mwana akadwala, ankadziwa mayina a anzake onse, ndipo chithunzi chilichonse cha akavalo aja chinali chosungidwa m’kabati. Koma adadzimanga yekha ndi lilime lake, ndipo ankaona ngati kumasula n’kuvomera kuti zimene Gitte adamuchita zinali zabwino.

“Ana ena amachita phwando limodzi,” adatero. “Iwe uchita awiri. Si mwayi umenewo?”

Signe adavala diresi loyera Loweruka, nalivalanso Lamlungu. Adamvetsera nyimbo zopekedwa ndi achibale a kuchimuna, mawa lake za achibale a kuchikazi, akumwetulira monse muwiri mpaka masaya kuwawa. Bambo ake adamupatsa njinga yobiriwira imene adaimanga okha kwa miyezi itatu, njinga yoti tauni yonse idatembenuka kuiyang’ana. Adathokoza bwino lomwe. Preben yekha ndi amene adamupeza kuseri kwa holo atakhala pansi ndi diresi lakelo, maso ali gwa pakhoma.

“Mwana wapempha mkate, iwe wamupatsa belu la njinga,” adatero Preben kwa Torben mawa lake. Torben sadamulankhule masiku atatu.

Zaka zidapita, Signe n’kumaliza sekondale. Idafika sabata ya zipewa zoyera zimene omaliza sukulu amavala, pamene kalasi yonse imakwera lole yokongoletsedwa ndi nthambi ndi mbendera, n’kumazungulira tauni kuima pakhomo pa wophunzira aliyense kuti makolo awalandire ndi chakumwa. Aliyense amalembetsa khomo limodzi. Torben sadafunse n’komwe. Adatseka shopu, nasesa pabwalo, naika matebulo awiri, mowa m’chidebe cha madzi oundana, timbendera tofiira m’mbali mwa mpanda. Adavala malaya oyera. Kutsidya kwa chitunda Gitte naye anali atakonza zake, atawotcha makeke kuyambira dzulo lake.

Masana onse Torben ankamva hutala ya lole ndi kuimba kwa achinyamata, pena kufupi, pena kutali. Ulendo wina idamveka pamsewu wa kuseri kwenikweniko, iye n’kuyamba kutsegula mabotolo. Phokoso lidakhota, n’kumazilala kulowera kudoko. Madzi oundana adasungunuka. Aneba amene adabwera kudzathandiza kulandira alendo adayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense ndi chifukwa chake.

Signe adabwera mawa lake, chipewa chili m’manja.

“Ndiye unasankha kwa amayi ako,” adatero Torben.

“Sindinasankhe kulikonse. Papepala ndinalemba kuti kwathu adumphe.”

“Adumphe? Nyumba ziwiri zonsezi?”

“Anafunsa kuti kwanu n’kuti, Ababa. Ine ndimadziwa kwa abambo anga, ndimadziwa kwa amayi anga. Kwathu sindikudziwa.”

Chaka chomwecho adapita ku Aarhus kukaphunzira uzamba, ndipo atamaliza adapeza ntchito ku Tromsø, kumpoto kwa Norway, kutali koti munthu sangamuyembekezere kubwera pa Khirisimasi iliyonse. Kuntchito ankamukonda. Ankadziwa kuwerenga nkhope ya munthu asanatsegule pakamwa, ankadziwa kuziziritsa chipinda chimene anthu akwiyitsana. Koma pa moyo wake zinthu sizinkamera mizu. Mwamuna akangokweza mawu kamodzi, ngakhale pa nkhani ya mbale zosatsuka, Signe ankalongedza mwakachetechete n’kuchoka. Adasiya amuna atatu motero, onse abwinobwino, onse osamvetsa chimene adalakwa. Wachinayi, mphunzitsi wina dzina lake Eirik, adamupeza akupinda zovala pambuyo pa kamkangano kawo koyamba, nakhala pa sutikesi imene Signe ankalongedzamo.

“Ukupita kuti? Sitinamalize kukangana.”

“Ndiye kuti zatha.”

“Zatha? Mayi anga ndi bambo anga akhala akukangana zaka makumi anayi za mmene amapachikira makatani. Khala pansi, undiuze kuti ndine chitsiru, kenaka tidye.”

Signe adalira tsiku limenelo ngati mwana. Adakwatirana ku ofesi ya boma, mboni zili anzawo awiri a kuntchito. Makolo ake adawatumizira chithunzi chofanana, ndi mawu ofanana, pa mphindi yofanana, kuti wina asadzati adayamba kuuzidwa ndi mnzake. Torben adachiyang’ana chithunzicho masiku ambiri. Preben anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo panalibenso womunyoza, kapena womuuza kuti mwana wake waoneka bwino.

Signe ali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, Gitte adapezeka ndi khansa, ndipo idapezeka mochedwa. Signe adabwera ndi mwana wake wamkazi wa zaka zisanu, Thyra. Tsiku lachitatu adalowa m’shopu muja. Fungo linali lomwe lija, kungoti bambo ake anali atawerama msana ndipo mutu unali wadazi.

“Amayi awasamutsira kunyumba ya odwala kwambiri. Adokotala akuti ndi masabata owerengeka. Akufuna kukuonani.”

Torben adagwira sipanala, naisiya, naigwiranso.

“Ukawauze kuti…”

“Ayi!” Signe adamenya tebulo, mabawuti n’kudumpha. M’moyo wake wonse anali asanawakalipirepo bambo ake. “Ntchito imeneyo ndinasiya. Ngati muli ndi mawu, miyendo muli nayo.”

Thyra, amene ankaliza mabelu a njinga zogulitsa, adasiya n’kuyang’ana agogo akewo.

“Agogo, kodi n’kutali? Ngati mwatopa ndikuperekezani.”

Torben adalimbana ndi mtima wake masiku awiri. Tsiku lachitatu mmawa adameta ndevu, nathyola maluwa a pampanda, nawaika m’basiketi ya njinga. Pakhomo la chipinda cha Gitte adaima mpaka namwino adamufunsa ngati wasochera. Atalowa adapeza kamayi kakang’ono, kowonda, katavala kampango kumutu. Maso okha ndi amene anali omwe aja.

“Wakalamba, Torben,” adatero Gitte. “Tsitsi lija linapita kuti?”

Torben adatsegula pakamwa, mawu n’kukanirira ngati bawuti yadzimbiri. Kenaka mawuwo adatuluka.

“Linachoka chaka chomwe unachoka iwe. Ndimayesa munapitira limodzi.”

Gitte adaseka mpaka kutsokomola, Torben n’kumugwirira kapu ya madzi. Adakhala pampando. Adakamba za Preben, za denga la nyumba yawo yakale limene linkadontha, za tsiku limene Signe adabadwa, galimoto itakana kulira, Torben n’kufuna kumutengera mkazi wake kuchipatala pa njinga yonyamulira katundu. Gitte adati, “Ndinakulakwira.” Torben adati, “Nanenso sindinali munthu wophweka kukhala naye.” Zidathera pomwepo. Mlandu wa zaka zonse zija udakwana m’mawu awiri amenewo.

Signe anali atapita kukagula khofi. Pobwera adamva kuseka m’chipindamo, nakankha chitseko pang’ono. Adaona bambo ake akukonza pilo kumutu kwa mayi ake, mayi ake akuti, “Osati choncho, iwe, si tayala limeneli.” Adaima pamenepo, makapu akumuwotcha zala. Kenaka adabwerera chambuyo, natuluka panja.

Torben adamupeza pabenchi ya m’munda wa maluwa. Ankayenda mopepuka ngati munthu amene watula thumba la simenti, nkhope ikuwala.

“Waona, mwana wanga? Tayankhulana.”

“Ndaona.”

“Nanga sukukondwa?”

Signe adamuyang’ana, misozi ili mbwee.

“Zinali zophweka chonchi, Ababa? Kungolowa n’kukhala pansi? Ine ndinkayesa pali phiri. Ndinkati mwina n’zosatheka, mwina akuluakulu akudziwa zimene ine sindidziwa. Ndinkapemphera pa njinga, Lolemba lililonse, kuti tsiku lina ndidzamve inu awiri mukuseka m’chipinda chimodzi. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Lero mwachita m’mphindi zisanu, ndi nthabwala ya tsitsi.”

Torben adakhala pabenchipo.

“Ndapepesa kwa amayi ako. Ndikupepesanso kwa iwe. Ndinalakwa, Signe. Ndiuze chochita, ndichita.”

“Ndakukhululukirani. Ndipo mwachita bwino kubwera, amayi adzapita ndi mtendere.” Adagwira dzanja la bambo ake lokhakhala lija, nalisisita. “Koma amene ankafuna zimenezi si ine. Kanali kamtsikana kena, ka chikwama chofiira. Kadadikira, kadadikira, kenaka kadapita. Chipepeso chanucho sindikudziwa koti ndikachipereke.”

Torben ankapita kwa Gitte tsiku lililonse kwa masabata atatu amene adatsala, ndipo pa maliro adanyamula nawo bokosi. Mwambo utatha, akumwa khofi m’holo ya tchalitchi, adamukokera Signe pambali.

“Nyumba ija ndi yaikulu, ndikukhalamo ndekha. Azamba amafunika kunonso. Eirik angapeze sukulu. Thyra ndingamuphunzitse kupalasa.”

“Tizibwera m’chilimwe, Ababa.”

“Kuno n’kwanu.”

Signe adamwetulira, namukonzera kolala ya jekete. Sadatsutse, sadavomere. Mawa lake adakwera sitima ya pamtunda ndi mwana ndi mwamuna wake, amene adabwera pa malirowo, Torben n’kutsala papulatifomu dzanja lili m’mwamba mpaka bogi yomaliza idakhota.

Masiku ano Torben adasanduka munthu wolankhula. Makasitomala amadabwa, ena amachita kuyang’ana wotchi. Lamlungu lililonse masana amaimba foni ku Tromsø, ndipo adaphunzira kufunsa n’kudikira yankho. Thyra amamuuza zonse, za dzino logwedera, za mphaka wa aneba, za mmene amayi ndi ababa anakanganirana dzulo kenaka n’kupita kukagula ayisikilimu. Kenaka foni imapita kwa Signe.

“Uli bwanji, mwana wanga?”

“Bwinobwino, Ababa.”

“Zoona? Mawu akumveka otopa.”

“Ayi, zonse zili bwino. Inu mukudya mokwanira?”

Mawu ake amakhala ofewa, aulemu, opanda kaminga n’kamodzi komwe. Torben amakanikiza foni kukhutu, kufunafuna pamene pali mng’alu woti alowerepo. Amalakalaka mwana wake atamudandaulira kamodzi kokha, atamuuza kuti ntchito yamulemera, kapena kuti wakhumudwa, kapena kuti wawasowa mayi ake. Koma amadziwa amene adamuphunzitsa mwanayo kuti kwa bambo kumapita mawu osalala okhaokha. Foni ikaduka amakhala duu pampando, dzuwa likupendeka pawindo, akuwerenga miyezi yotsala kuti chilimwe chifike.

Mkwiyo wa Torben unali ndi chifukwa, ndipo kulapa kwake kunali koona. Koma ubwana sudikira kuti akuluakulu amalize kukwiya. Umangodontha tsiku ndi tsiku, Lolemba ndi Lolemba, ndipo pamene munthu akuti awerame atole, amapeza pansi pali chinyezi chokha. Akuluakulu adanena kale: madzi akatayika saoleka.